Bulugamu wanga akuuma, ndibzale chiyani m'malo mwake?

Funso: Ndili ndi nkhalango ya maekala awiri cha ku Mitundu, yomwe anabzala malemu bambo anga. Yambiri ndi bulugamu, kumunsi kuli malaina pang'ono. Kwa zaka zitatu tsopano masamba a bulugamu akumatuluka tinthu toyera ngati mamba a nsomba, kenako amada bii n'kuyoyoka. Mphukira za pa zitsa zikumatupatupa n'kupinimbira. Mitengo ina yauma ndipo chiswe chalowa. Nkhalangoyi ndimaidalira pa mphanda za chigafa ndi nkhuni, komanso ndimafuna ana adzapezemo matabwa. Ndidule yonse? Nanga mtengo wosagwidwa matenda womwe ndingabzale ndi uti?

Yankho: Pepani bambo, nkhalango yosiyiridwa ndi kholo imapweteka mtima kuiona ikuuma. Tiyambe ndi funso lanu lachiwirilo, chifukwa likayankhidwa molakwika mudzabweranso ndi dandaulo lomweli pakatha zaka khumi. Mtengo wosagwidwa ndi kalikonse kulibe. Wina akakuuzani kuti ali nawo, dziwani kuti ali ndi mbande zoti akugulitseni.

Dziko lino linazionapo kale izi. Mu 1986 nsabwe za mitengo ya saipuresi zinapezeka koyamba mu Africa, ndipo zinapezekera m'Malawi mommuno. Mipanda yobiriwira ya m'matauni inafiira ngati yawauka ndi moto, ndipo nsabwezo zinakafika mpaka pa mkungudza wa m'phiri la Mulanje. M'zaka za m'ma 1990 lukina, amene ankatamidwa kuti ndi chakudya cha ziweto, nkhuni ndi chonde pamodzi, anagwidwa ndi kachilombo koyamwa nsonga kotchedwa Heteropsylla cubana. Lero ndi bulugamu. Saipuresi, lukina ndi bulugamu ndi mitengo yobwera, ndipo inkakula mwaufulu chifukwa adani ake inawasiya kutali. Adaniwo atailondola n'kuipeza itabzalidwa mtundu umodzi maekala ndi maekala, anangofikira kudya. Ndiye mukagwetsa bulugamu yense n'kudzaza maekala awiriwo ndi mtundu umodzi wina, kaya kesha kaya m'bawa, mwatcheranso msampha womwewo pamalo pomwepo.

Zomwe mwafotokozazo si matenda amodzi. Ndi tizilombo tiwiri, mwina titatu, tonse tochokera ku Australia, kwawo kwa bulugamu.

Thyolani tsamba limodzi lokhala ndi tinthu toyerato, mutukule kamodzi ndi chikhadabo. Muona kuti ndi kachipewa, ndipo pansi pake pabisala kachilombo kachikasu kapena kofiirira, kochepa ngati njere ya mawere. Dzina lake ndi Glycaspis brimblecombei. Kamayamwa madzi a m'tsamba n'kumatulutsa timadzi totsekemera tomata, ndipo kachipewako kamakamanga ndi zomwezo. Timadzito tikagwera pa masamba ena pamamera nkhungu yakuda ngati mwaye, n'chifukwa chake masamba akuda bii, n'chifukwa chakenso nyerere zikukwera ndi kutsika mumtengomo. Kachilomboka kamachuluka m'chilimwe, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, nthawi yomwe mtengo uli kale pa ludzu.

Zotupa za pa mphukira ndi ntchito ya kamavu kotchedwa Leptocybe invasa, kotalika milimita imodzi ndi pang'ono. Kamaikira mazira mu phesi la tsamba, mu msempha wapakati wa tsamba ndi mu tinthambi tanthete. Pomwe paikiridwa dzira pamatupa, ndipo mukayang'anitsitsa pa zotupa zakale muona tizibowo ngati tobooledwa ndi singano, momwe anatulukira ana. Mtengo waukulu umapirira, koma mbande ndi mphukira zimapindika n'kuleka kukula. Ngati masamba ena akumayamba kutuwa kenako n'kufiira ngati dzimbiri popanda tizipewa, pali kachitatu, Thaumastocoris peregrinus, kaphwatalala kothamanga kwambiri, komwe kamaikira mazira akuda mounjikana pa tsamba.

Tsoka lake n'lakuti bulugamu amene anafalitsidwa kwambiri m'zigwa zouma ngati za Lilongwe ndi wa mitundu ya camaldulensis ndi tereticornis, chifukwa amapirira chilala, ndipo mitundu iwiri yomweyi ndi imene tizilombo titatu tonseti timaikonda kwambiri. Chiswe chomwe mukuchionacho nthawi zambiri chimabwera pomaliza. Mtengo ukayoyoka masamba zaka ziwiri zitatu motsatizana, chakudya chomwe unasunga m'mizu chimatha, mizu ina imafa, chiswe n'kupeza polowera. Anthu amachinamizira chifukwa ndi chomwe amachipeza pamaliro.

Za kupopera mankhwala iwalani. Mtengo wa mamita 15 simungaufikire ndi sipuleya ya kumsana, kachilombo kena kali pansi pa chipewa, kena kali m'kati mwa chotupa, ndipo mankhwalawo amaphera limodzi tizilombo tomwe timadya adani anuwa. Ku South Africa njira yomwe anatsata ndi yokatenga ku Australia timavu tina todya tizilomboti. Imeneyo ndi ntchito ya akatswiri a kafukufuku, si ya mlimi payekha.

Musanasankhe mtengo uliwonse, fukulani patsinde pa mitengo itatu yomwe yangouma kumene, musende khungwa pomwe thunthu likukumana ndi mizu. Mukapeza chinthu choyera choyala ngati pepala pakati pa khungwa ndi mtengo, chonunkhira bowa, ndiye kuti pali matenda oolesa mizu a Armillaria. Mukaona chibowa cholimba ngati thabwa chitamera patsinde, nachonso ndi chizindikiro cha kuola kwa m'kati. Apa nkhani imasintha, chifukwa matenda a mizu sasankha mtundu ngati tizilombo tija, ndipo amakhala m'zitsa zaka zambiri kudikira mbande zatsopano. Pamalo potero zulani zitsa ndi mizu yake ikuluikulu, muotche, mulimepo mtedza kapena chimanga nyengo ziwiri musanabzalenso mtengo. Ngati simupeza zimenezi, koma khungwa lang'aluka n'kumatuluka utomoni wofiira, chimenecho ndi chizindikiro cha mtengo wovutika ndi ludzu. Kumbukiraninso msinkhu wa zitsazo. Chitsa cha bulugamu chikadulidwa katatu kanayi chimatopa, ndipo zina zimangofa zokha ngakhale popanda kachilombo.

Kudula yonse ayi. Ndipo musaweruze mtengo mu Okutobala, pomwe ngakhale wamoyo umaoneka ngati nkhuni. Dikirani Febuluwale, mvula itatsuka masamba, muyende ndi penti kapena tizingwe ta mitundu itatu. Youma iduleni. Yomwe yaphukira theka la nthambi zake iduleninso chaka chomwecho, idakali ndi mapolo abwino, afumbwe asanalowe. Koma mupezamo ina, mwina umodzi pa khumi, yobiriwira bwino pakati pa inzake yodwala. Imeneyo isiyeni ndithu, ikukuuzani kuti ili ndi mphamvu yomwe inzake ilibe.

Popeza chigafa chimafuna mphanda chaka ndi chaka, gawani nkhalangoyo patatu, musinthe gawo limodzi pachaka kuyambira lomwe laonongeka kwambiri. Maekala awiri ndi pafupifupi masikweya mita 8,000. Mukabzala motalikana mamita 2.5 mbali zonse, malo onsewo amalowa mitengo pafupifupi 1,280, ndiye gawo limodzi ndi maenje 400 ndi pang'ono. Imeneyo ndi ntchito yoti banja limodzi lingathe kuipalira n'kuitchingira mbuzi. Maenje 1,280 chaka chimodzi ambiri amakumba, koma kupalira kumawakanika.

M'gawo lomwe mukusinthalo zitsa za bulugamu ziphedwe, apo ayi mphukira zake zipitirira mbande zanu mwezi umodzi wokha n'kuzilanda madzi. Dulani chitsa pafupi ndi nthaka, sendani khungwa lonse mpaka kulowa pansi pang'ono, ndipo mphukira iliyonse yotuluka muziikhadzula isanafike m'bondo. Zimatenga nyengo imodzi kapena ziwiri. Pakati pa gawo latsopano ndi bulugamu kapena malaina wotsala kumbani ngalande yakuya masentimita 50 mpaka 60 kuti mudule mizu yoyanza, ndipo mzere woyamba wa mbande uyambire mamita asanu kuchokera pa mitengo yakaleyo. Mbande yobzalidwa m'mphepete mwa malaina imakhala ndi moyo koma sikula.

Tsopano nthaka. Kumbani maenje atatu akuya mita imodzi, kumtunda, pakati ndi kumunsi. Dzenje limodzi limanena zambiri kuposa mlangizi wongoima pamsewu. Likakhala katondo wofiira mpaka pansi, muli ndi mwayi, pafupifupi mtengo uliwonse womwe titchule umera. Khasu likagunda lubwe lolimba pa masentimita 40 kapena 50, pamenepo ndi pomwe bulugamu anayambira kuuma, ndipo m'bawa musautayirepo nthawi. Dothi likakhala lotuwa la mawanga a dzimbiri kapena makande akuda, ndiye kuti m'dzinja pamadikha madzi. Lilongwe ali pamtunda wa mamita 1,000 ndi pang'ono, mvula yake ndi ya mamilimita 800 mpaka 900 pachaka, ndipo pafupifupi yonse imagwa pakati pa Disembala ndi Malichi. Mtengo wanu uyenera kupirira miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri yopanda dontho. N'chifukwa chake paini amene mumamuona ku Chikangawa ndi m'mapiri a Dedza sitikukulangizani pa chigwa cha Mitundu, chimodzimodzinso bulugamu wa mtundu wa grandis, yemwe amafuna mvula yambiri. Nimu naye kwawo n'kotentha, ku Salima ndi ku Chigwa cha Shire. Kuno amamera koma amakula mokakamizika.

Musanagule mbande ngakhale imodzi, yang'anani zomwe zikumera zokha. Bulugamu akayoyoka masamba dzuwa limafika pansi, ndipo m'mphepete mwa nkhalango, pa zulu ndi m'malo moyera mumayamba kutuluka chitimbe, naphini, kadale, mphandula, nthawi zina mombo, muwanga kapena msuku. Ambiri amaziyesa tchire n'kuzisenga. Kumeneko ndiko kutaya chuma, chifukwa zambiri mwa mphukirazo zikuchokera pa mizu yakale yomwe inafika kale pansi pomwe pali chinyezi, ndipo chiswe ndi chilala cha kuno zinazolowerana nazo kalekale. Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zoongoka, zinazo muchotse ndi chikwanje chakuthwa, musadzire nthambi za m'munsi mpaka theka la msinkhu wake. Naphini makamaka musamuphonye. Mtengo wake ndi wolimba, chiswe sichiuthamangira, ndipo amakonda dothi lamchenga losauka lomwe mitengo ina imakana. Mombo ndi msuku n'zovuta kulera m'nazale, chifukwa mizu yake imadalira bowa wa m'nthaka, yemweyo timazula m'dzinja uja. Ofuna kufesa masuku amatapa dothi la pansi pa msuku waukulu n'kusakaniza m'machubu.

Mukafuna kudziwa mitengo yomwe nthaka ya kwanuko imalera payokha, yang'anani kumanda a m'mudzi mwanu. M'midzi yambiri ya Lilongwe ndi kokhako komwe kwatsala nkhalango yachilengedwe. Mwambo wake mukuudziwa kale, kumeneko salowako mwachisawawa, ndipo mbewu sangatole munthu asanagwade kwa amfumu. Koma ngakhale mutaima kunja, mitengo yomwe yatalika kwambiri muiona.

Pa mphanda ndi nkhuni, mtengo woyamba kuuganizira ndi kesha wa milimo. Chiswe sichimuvutitsa kwenikweni, mbuzi sizimukonda, amapirira dothi losauka, ndipo akadulidwa amaphukanso bwino. Pa nthaka yabwino mumayamba kudula milimo pakatha zaka zinayi kapena zisanu. Zoipa zake ziliponso. Mizu yake imayanza pamwamba n'kulanda chinyezi, ndiye asayandikire munda wa chimanga, ndipo masamba ndi nyemba zake ndi poizoni kwa nkhumba. Sawonjezeranso chonde m'nthaka monga amachitira msangu. Musamusokoneze ndi kesha wa maluwa, yemwe amachita nthambi zambiri, mapolo ake ndi ofewerapo, ndipo amafalikira yekha moti m'nkhalango ya Mahale ku Tanzania anasanduka vuto.

Kumunsi komwe kuli malaina, ngati dothi ndi lakuda losunga chinyezi, ikani mthethe. Umakula msanga kuposa mitengo yambiri yachilengedwe, umabwezera chonde, nkhuni zake zimayaka bwino. Minga yake ndi yokowa, ndiye siyani njira yodutsa, ndipo mtengo wake ukadulidwa afumbwe amaulowa msanga, motero ndi wa nkhuni kuposa wa denga. Mtangatanga umafuna katondo wakuya. Nkhuni zake n'zabwino, ukakula umapereka matabwa, koma mbuzi zimaukonda ngati ndiwo. Indiya amathamanga kukula ndipo mapolo ake ndi oongoka, kungoti zipatso zake ndi zoopsa kwa ana ndi nkhumba, ndipo mbalame zimamufalitsa paliponse, choncho akhale wochepa. Msangu usalowe m'nkhalango yothithikana. Malo ake ndi m'munda, motalikana mamita 10, komwe umayoyola masamba m'dzinja chimanga n'kumakula pansi pake.

Nsungwi ambiri amaziiwala, chonsecho theka la ntchito za pa chigafa ndi pa nkhokwe zingathe kugwiridwa ndi nsungwi. Ndi za banja la udzu, ndiye tizilombo ta bulugamu ndi ta kesha tilibe nazo ntchito. Bzalani mapando motalikana mamita asanu m'malire ndi m'mbali mwa ngalande za madzi, ndipo podula muzisankha zomwe zakwanitsa zaka zitatu, zanthete zizitsala. Dziwani chabe kuti nsungwi zikachita maluwa phando lonse limauma, ndiye musatenge mbewu yonse pa phando limodzi.

Popeza vuto lanu lalikulu ndi mphanda, ganizirani chigafa chamoyo. Mumabzala kesha wa milimo kapena mtangatanga m'mizere, pa mipata yomweyo yomwe mumazika mphanda, n'kumasadzira kuti thunthu likwere loongoka. Pakatha zaka zitatu zinayi mitengo yamoyoyo ndi yomwe imanyamula denga ndi fodya, ndipo kudula mphanda chaka chilichonse kumatha.

Matabwa a ana aja ndi m'bawa, koma pano tichedwepo pang'ono chifukwa ndi pomwe ambiri amakhumudwa. M'bawa kwawo ndi m'mbali mwa mitsinje, pa dothi lakuya lachinyezi. Uli ndi mdani wake, mbozi ya gulugufe wausiku wotchedwa Hypsipyla robusta, yomwe imaboola nsonga yanthete n'kudya m'kati. Nsonga ikafa mtengo umatulutsa nthambi ziwiri zitatu, ndipo m'malo mwa thunthu limodzi loongoka mumapeza chimtengo cha mphanda pa mamita awiri, chabwino pa mthunzi koma chopanda thabwa. Mbozi imeneyi imasangalala m'bawa ukabzalidwa wokhawokha poyera. Ukabzalidwa m'mizere pakati pa kesha kapena mtangatanga, wotchingidwa m'mbali koma kumwamba kuli dzuwa, umathamangira m'mwamba ndipo sugwidwa kwambiri. Ndiye ikani mzere umodzi wa m'bawa pakatha mizere iwiri kapena itatu ya mitengo ya nkhuni, mibawayo italikirane mamita asanu mumzere. Podula nkhuni zija mumakhala mukuupatsa malo. Matabwa enieni ndi a zaka 30 kupita m'tsogolo, ndiye mwanena bwino kuti ndi a ana.

Msambamfumu ndi wochedwa koma wopirira malo ouma kuposa m'bawa. Mlombwa uli ndi khalidwe lomwe limapusitsa anthu: mbande yake imauma kumtunda chilimwe chilichonse kwa zaka zingapo, uku muzu ukukula pansi, kenako chaka china imangonyamuka. Ambiri amazula poyesa kuti yafa. Ikanipo chikhomo, muisiye.

Bulugamu musamuthamangitse yense, chifukwa pa mapolo aatali oongoka palibe wofanana naye. Yesani wa mtundu wa citriodora, amene masamba ake mukawafikisa amanunkhira mandimu. Kachilombo ka tizipewa ndi kamavu kaja samamukonda ngati mmene amakondera camaldulensis. Koma mbande zake chiswe chimadya kwambiri, choncho akhale wochepa ndipo abzalidwe kutali ndi chulu.

Mukafuna chiwerengero, pa mbande 100 zilizonse tingakulangizeni motere ngati nthaka ikulola: kesha wa milimo 25, mthethe 15, mtangatanga 15, m'bawa 15, citriodora 10, indiya 10, ndipo 10 zotsalazo msambamfumu, mlombwa ndi ina yachilengedwe yomwe mungapeze, kuphatikiza nsungwi m'malire ndi mphukira zomwe mwasunga zija. Si lamulo. Pa lubwe chotsani m'bawa muwonjezere naphini, pa dambo chotsani kesha. Chomwe tikuumirira n'chakuti mtundu umodzi usapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi. Pali chinanso chomwe mndandandawu ukubisa. Tizilombo timakonda kutsata mitengo yapachibale, ndipo kesha, mthethe, mtangatanga, msangu, msambamfumu ndi mlombwa yonse ndi ya banja la nyemba, pomwe m'bawa, indiya, nimu ndi sindilera ndi banja linanso limodzi. Katope ndi gwafa ndi abale a bulugamu. Mitengo yokula msanga kuno yambiri ndi ya nyemba, palibe kuchitira mwina, koma n'chifukwa chake naphini, kadale, msuku ndi nsungwi zili zofunika ngakhale zikhale zochepa.

Posakaniza musachite mtengo uwu kesha, wotsatira mlombwa, wotsatira mthethe. Wothamanga amaphimba wochedwa n'kumupha. Kupatula m'bawa uja, bzalani m'timagulu, mwachitsanzo mizere isanu ya mitengo isanu, 25 ya mtundu umodzi, kenako kagulu ka mtundu wina. Kagulu kamodzi kakadzagwidwa ndi mliri mudzataya kachigamba kokha, ndipo kudula n'kosavuta.

Mbewu yodalirika imapezeka ku bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba, ku Land Resource Centre mu Lilongwe momwemo, kapena kudzera kwa mlangizi wa za nkhalango wa dera lanu. Mukamatola nokha, musatole pansi pa mtengo umodzi chifukwa choti uli pafupi ndi nyumba. Tolani pa mitengo 20 kapena kuposerapo, yathanzi, yotalikirana, kuti ana ake asakhale ndi chofooka chimodzi. Mukamagula mbande za bulugamu m'mbali mwa msewu, tembenuzani masamba muyang'ane phesi. Kamavu kaja kamayenda mtunda wautali m'mbande zogulitsa, ndipo mbande yotupa ngakhale pang'ono isiyeni.

Nazale iyambe mu Ogasiti kapena Sepitembala. M'machubu muike magawo awiri a dothi lapamwamba, limodzi la mchenga ndi limodzi la manyowa owolerana bwino. Njere za mthethe, mtangatanga, kesha, msangu ndi msambamfumu zili ndi chikopa cholimba, ndiye zichekeni pang'ono ndi chodulira zikhadabo, mbali yotalikana ndi kamaso komwe kamatulukira muzu, kungoti choyera cha m'kati chioneke. Mukacheka mozama njere imaola. Ya msambamfumu muyambe mwachotsa kachisoti kake kofiira. Njere za m'bawa sizifuna kucheka, koma sizichedwa kufa, ndiye zifesedwe zikangotoledwa. Masabata awiri alionse sunthani machubu kuti mizu isalowe pansi, chifukwa mbande yomwe yazika m'nazale mukaizula tsiku lobzala imafota. Kutatsala mwezi umodzi chepetsani madzi ndi mthunzi kuti mbande zikhwime. Yabwino kubzala ndi ya masentimita 20 mpaka 30, ya thunthu lolimba. Yaitali yowonda ija imaoneka bwino pogula koma ndi yoyamba kufa. Lerani mbande 20 zapadera pa 100 zilizonse kuti mudzapakize.

Maenje akumbidwe mvula isanagwe, masentimita 30 m'lifupi, m'litali ndi kuya, ndipo pa dothi lolimba onjezerani. Dothi lapamwamba liikidwe padera kuti lidzayambe kubwerera pansi. Nyengo yobzala mitengo ya dziko lino imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma ku Lilongwe mbande yobzalidwa mu Malichi ndi chakudya cha chiswe. Bzalani mvula ikangokhazikika, nthaka itanyowa kufika pansi pa dzenje, ndipo pofika pakati pa Januwale mukhale mutamaliza. Vuto lake tikulidziwa, ndi nthawi yomweyo yopalira chimanga ndi kubandira fodya, koma masabata ochepa amenewo ndi omwe amalekanitsa mbande yozika mizu ndi yongoimirira. Chotsani pulasitiki, musakwirire kupitirira pomwe dothi la m'chubu linalekezera, pondani m'mbali, musiye kabeseni kosunga madzi. Pakatha masabata awiri kapena atatu yenderani mupakize momwe mwafa.

Chiswe chimagwira kwambiri mbande yofooka ndi ludzu, makamaka nthawi ya ng'amba ndi kumayambiriro kwa chilimwe. Musathire m'dzenje manyowa osaola kapena mapesi, kumeneko n'kuchiitana. Phulusa lodzaza manja awiri losakaniza ndi dothi limathandizako, ngakhale silitha vuto. Udzu womwe mwapalira usaotchedwe, uyaleni pakati pa mizere kuti chiswe chipeze chakudya china, koma usakhudze tsinde, pakhale mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Mankhwala a chiswe asungireni citriodora yekha, akhale ovomerezeka ndi boma, ndipo muyezo wake utsatidwe monga walembedwera pa botolo.

Zomwe zimapha mbande zambiri kuno si tizilombo ta ku Australia ayi, koma udzu, mbuzi ndi moto. Palirani mozungulira mbande iliyonse mita imodzi, kawiri kapena katatu m'dzinja loyamba ndi lachiwiri. Mutha kubzala mtedza, soya kapena nyemba pakati pa mizere chaka choyamba kuti khasu lizifikako lokha. Anthu akangokolola mbuzi zimalekereredwa, ndiye pofika Meyi mtangatanga, mthethe ndi m'bawa zikhale zitatchingidwa ndi minga kapena timadengu ta nsungwi. Mwezi womwewo lambulani mkuzi wotchinga moto wa mamita anayi kapena asanu kuzungulira nkhalango yonse, anyamata osaka mbewa asanayambe kutentha tchire. Ndi bwinonso kudziwitsa amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi kuti mwabzala, chifukwa mlandu wa mbuzi umavuta ngati nkhalango siidziwika. Auzeninso a ofesi ya za nkhalango kuti mwabzala m'bawa ndi mlombwa, popeza kunyamula matabwa a mitengo yachilengedwe kumafuna chilolezo, monganso kuotcha makala, ndipo ana anu adzafuna umboni woti mitengoyo inachita kubzalidwa.

Gawo loyamba likatha chilimwe chake choyamba, mu Novembala, werengani mtundu uliwonse kuti mwa mbande zomwe munabzala zatsala zingati, mulembe m'kope pamodzi ndi malo ake. Mtundu womwe wafa kupitirira theka pomwe inzake ili moyo, m'gawo lachiwiri uchepetseni kapena muusunthire pa dothi lina. Mibawa muziiyendera mwezi uliwonse m'dzinja. Mukaona nsonga yafota ndipo pali tiutuchi tomatirira ndi utomoni, dulani ndi mpeni wakuthwa mpaka pomwe pathera mphako, muphe mboziyo, ndipo mphukira zikatuluka musiye imodzi yokha yoloza kumwamba.